M'mapazi a Baron Wrangel: Istanbul, Gelibolu, Belgrade

Lolemba, Istanbul

Ndafika mvula ikuwaza. Ndapeza malo ogona ku Karaköy, kufupi ndi mlatho wa Galata. Kwa inu amene mwakhala mukufunsa kuti ulendo uno ndi wachiyani, ndikulondola mapazi a Baron Pyotr Nikolayevich Wrangel, mkulu wa asilikali a pa akavalo wa ku Russia, yemwe m'chaka cha 1920 anatsogolera gulu lomaliza la ankhondo Oyera kum'mwera kwa dzikolo pa nkhondo yapachiweniweni yolimbana ndi a Bolshevik, achikomyunizimu aja otchedwa Ofiira. Kumene anamenyera nkhondo sindifikako, pakuti Crimea, dera la pa Nyanja Yakuda lomwe linali linga lake lomaliza, lero si malo oti mlendo n'kumayendayendako ndi kamera. Ndiyambira pamene nkhondo yake inathera, ndipo ndi pano.

Masana ndinakwera chombo chowolotsa anthu kupita ku Kadıköy, tsidya la Asia, n'kuyenda wapansi mpaka ku Moda. Kumeneko kuli malo omwera tiyi pamwamba pa gombe, pomwe nyanja ya Marmara imaoneka yonse. Pamadzi amenewa, mu Novembala 1920, panaima zombo zochokera ku Crimea. Zonse zinalipo 126: zankhondo, zonyamula katundu, zonyamula malasha, zina zakufa injini zochita kukokedwa. M'menemo munali anthu 145,693, osawerengera ogwira ntchito m'zombomo. Munali asilikali, ovulala, amayi, ana, ansembe, aphunzitsi. Mzinda uno nthawi imeneyo unali m'manja mwa Britain, France ndi Italy, omwe anali atapambana Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ndipo iwo sanafulumire kulola khamu lotere kuti litsike. Anthu anakhala masiku ali m'zombo, madzi akumwa ali operewera. Amalonda ankabwera ndi timabwato m'mbali mwa zombo, munthu n'kutsitsa pa chingwe mphete ya ukwati kapena wotchi kuti amukwezere mkate.

Zomvetsa chisoni, inde. Koma kuti mumvetse chimene chandikokera kwa munthu ameneyu, yang'anani zomwe zinachitika ku Novorossiysk mu Malichi chaka chomwecho, gulu lomweli likuthawa pansi pa mkulu wina, Anton Denikin. Kumeneko kunali chipwirikiti. Zombo zinachepa, anthu ankakankhana padoko, ma Cossack (anthu a m'zigwa za kum'mwera kwa Russia otchuka ndi nkhondo ya pa akavalo) masauzande anasiyidwa pagombe limodzi ndi akavalo awo. Wrangel atalandira udindo mu Epulo, chimodzi mwa zinthu zoyamba kulamula chinali choti akonzeretu ndondomeko yosamutsira anthu: zombo zingati, malasha angati, gulu liti lidzakwerera doko liti. Tsiku litafika, anthu anakwerera ku Sevastopol, Yevpatoria, Yalta, Feodosia ndi Kerch, pakati pa 13 ndi 16 Novembala, ndipo ambiri mwa ofuna kuchoka anachoka. Iye mwini anakwera chombo chankhondo cha General Kornilov n'kuzungulira madoko kuona ngati ntchito ikuyenda.

Munthu yemwe anatchuka ndi kavalo ndi lupanga, ntchito yake yopambana zonse anaigwira ndi pensulo, powerengera matani a malasha.

Lachiwiri, Istanbul

M'mawa ndinapita kukafuna matchalitchi a a Russia a pamadenga. Kuno ku Karaköy kuli nyumba zosanja zomwe amonke a ku phiri la Athos anamanga kalekale kuti azigonekamo aulendo wachipembedzo ochokera ku Russia, ndipo pamwamba pa nyumba iliyonse anaikapo katchalitchi. Mukakhala pamsewu simungadziwe, pokhapokha mutakweza maso n'kuona timadenga tobiriwira tozungulira. Ndinakwera masitepe a nyumba ya Aya Panteleymon mpaka miyendo kuchita dzanzi. Pamwamba ndinapeza mayi wina wachikulire akupukuta zoikapo makandulo. Chingerezi sankachidziwa, ine Chirasha ndi Chituruki sindichidziwa, koma anandilozera benchi ndipo ndinakhala. Othawa kwawo a 1920 ankadzaza nyumba zimenezi, mabanja angapo m'chipinda chimodzi.

Kuchoka apo ndinakwera mtunda kupita ku msewu wa İstiklal, komwe kuli nyumba yaikulu yomwe kale inali ya kazembe wa mfumu ya Russia. Chapafupi pali Çiçek Pasajı, malo odyera odzaza ndi alendo, omwe anthu amati akazi a m'mabanja olemekezeka a ku Russia ankagulitsapo maluwa atasowa pogwira. Akuluakulu a asilikali ankatsuka mbale, ena ankayendetsa magalimoto a hayala.

Wrangel anabadwira m'dziko la anthu amenewa. Banja lake linali la ma baron (dzina laulemu la mabanja apamwamba) a ku Baltic, a magazi a Chijeremani, omwe kwa zaka mazana ankatumikira mafumu a Sweden, kenako a Russia. Chilumba cha Wrangel cha kumpoto kozizira kuja chinatchedwa dzina la wachibale wawo, Ferdinand von Wrangel. Pyotr anabadwa m'chaka cha 1878 ku Novoalexandrovsk, tawuni yomwe lero ili ku Lithuania ndipo imatchedwa Zarasai, koma anakulira ku Rostov, m'mbali mwa mtsinje wa Don. Bambo ake sanali msilikali, anali munthu wa bizinesi wokonda zinthu zamakedzana, ndipo mwana wawo anamutumiza kukaphunzira uinjiniya wa migodi ku St Petersburg. Anamaliza m'chaka cha 1901. Analowa usilikali kwa kanthawi m'gulu la akavalo lolondera mfumu, n'kupambana mayeso a uofesala, kenako anavula yunifolomu n'kupita kukagwira ntchito ya boma ku Irkutsk, ku Siberia. Chikhala kuti Japan sinayambane ndi Russia m'chaka cha 1904, mwina bwenzi atakalambira mu ofesi. Koma nkhondo itabuka anadzipereka, analowa gulu la ma Cossack a ku Transbaikal, ndipo ku migodi sanabwererenso mpaka chaka chomaliza cha moyo wake.

Madzulo ndinayenda m'mbali mwa Bosphorus, mpata wa nyanja wogawa mzindawu pakati. Atafika kuno, Wrangel ankakhala pa kachombo kotchedwa Lukull, komwe kanalinso likulu lake. Pa 15 Okutobala 1921, chombo cha ku Italy chotchedwa Adria, chochokera ku Batum, chinapatuka n'kudzagunda kachomboko, ndipo kanamira m'mphindi zochepa. Iye ndi mkazi wake Olga anali kumtunda. Ndikuyang'ana kukula kwa madzi amenewa, n'zovuta kukhulupirira kuti chombo chingaphonye njira yonseyi n'kukapeza kachombo kamodzi koima. A Russia a nthawi imeneyo sanakhulupirirenso.

Mwezi wotsatira, mmodzi wa akuluakulu ake akale, Yakov Slashchev, yemwe anatchuka ndi kupachika anthu ku Crimea, anakwera chombo pano n'kubwerera kwa a Bolshevik. Anamukhululukira, anamupatsa ntchito yophunzitsa maofesala Ofiira ku Moscow, ndipo m'chaka cha 1929 munthu wina anamuwombera m'nyumba mwake.

Lachitatu, pa basi yopita ku Gelibolu

Basi za kuno n'zabwino, mnyamata amayenda ndi kangolo kugawa tiyi ndi mabisiketi. Msewu umatsata gombe la Marmara kudutsa Tekirdağ, minda mbali zonse. Ndikulemba izi kope lili pabondo, choncho nkhani ya lero ndi ya nkhondo, poti pawindo palibe zambiri.

Tsiku lomwe linamupangira dzina ndi la mu Ogasiti 1914, pa mudzi wa Kauschen ku East Prussia, nkhondo itangoyamba kumene. Wrangel anali kaputeni, akutsogolera kagulu ka akavalo a mfumu. Mizinga ya Ajeremani inali itapha anzake ambiri. Iye anapempha chilolezo, anatenga kagulu kake, n'kuthamangira mizingayo maso ndi maso. Kavalo wake anaphedwa iye ali pamsana, anyamata ake ambiri anagwa, koma mizinga iwiri inalandidwa. Analandira mendulo ya St George, mmodzi wa maofesala oyamba kuilandira pa nkhondo imeneyo. Kuukira kotere kunali kale kwachikale. Mfuti zachiwaya ndi waya waminga zinali zitayamba kale kuthetsa ntchito ya kavalo, ndipo ine ndimaona ngati mendulo ija inaperekedwa kwa munthu amene anachita mwayi pa chinthu chomwe chikanayenera kumupha. Komabe inamutsegulira zitseko. Anakhala mmodzi wa othandizira mfumu Nicholas II, m'chaka cha 1915 anapatsidwa gulu la ma Cossack a Nerchinsk, ndipo pofika Januwale 1917 anali jenerale. M'gulu la Nerchinsk lija munali maofesala awiri omwe pambuyo pake anasautsa Siberia ndi Mongolia, Grigory Semyonov ndi Baron Ungern-Sternberg.

Ufumu utagwa ndipo a Bolshevik atalanda boma, anapita ku Yalta ndi banja lake. Kumayambiriro kwa 1918 amalinyero Ofiira anamugwira, m'masiku omwe maofesala ankaphedwa padoko n'kuponyedwa m'nyanja. Mkazi wake anakana kumusiya, anapita naye limodzi kokamutsekera, ndipo anachonderera omugwirawo mpaka anamasulidwa. Mu Ogasiti chaka chomwecho anafika ku Yekaterinodar, komwe lero ndi Krasnodar, n'kulowa gulu la Denikin.

Nkhondo yapachiweniweni inabwezera kavalo ulemu wake. M'zigwa zazikulu za Kuban ndi Don munalibe ngalande zotalika ngati za ku France, asilikali anali ochepa pa dziko lalikulu, ndipo wofika msanga ndiye ankapambana. Wrangel ankasonkhanitsa akavalo ake pamodzi n'kumenya malo amodzi mwamphamvu, m'malo mowamwaza. Anali wamtali kwambiri, wowonda, wa mawu amphamvu ngati lipenga, ndipo ankavala mkanjo wakuda wa ku Caucasus ndi chipewa chaubweya. Adani ake anamutcha Baron Wakuda. Ankapachika asilikali ake omwe akawapeza akuba za anthu wamba, zomwe akuluakulu anzake ambiri sankachita.

Pasakhale wina woganiza kuti ndikulondola mapazi a munthu woyera mtima. M'zolemba zake za moyo wake iye mwini akufotokoza, mosabisa ndi mosadandaula, kuti tsiku lina m'chaka cha 1918 atagwira akaidi ambiri anapatula atsogoleri awo 370 n'kulamula kuti awomberedwe pomwepo, otsalawo n'kuwauza kuti alowe gulu lake. Mu Novembala 1919 anali ndi dzanja pa kuthyola nyumba ya malamulo ya ma Cossack a ku Kuban, pomwe mmodzi wa atsogoleri awo, Alexei Kulabukhov, anapachikidwa poyera.

Pa 30 Juni 1919 analanda Tsaritsyn, mzinda wa pa mtsinje wa Volga womwe pambuyo pake unatchedwa Stalingrad ndipo lero ndi Volgograd, mothandizidwa ndi akasinja a ku Britain. Patangopita masiku ochepa Denikin anafika mumzindamo n'kulengeza lamulo loti magulu onse alunjike ku Moscow, m'njira zitatu zotalikirana. Wrangel anatsutsa. Ankati asilikali ndi ochepa, kumbuyo kulibe boma lenileni, ndipo kutambasula manja chotero n'kudziphetsa. Oyera anafika mpaka ku Oryol mu Okutobala, kenako zonse zinagumuka.

Mkangano wa awiriwa sunali wa mapu wokha. Bambo a Denikin anabadwa ali kapolo wa pamunda, n'kukwera pang'onopang'ono mu usilikali. Wrangel anali baron wa m'gulu lolondera mfumu. Makalata ake odzudzula mkulu wake ankakopedwa n'kumayenda m'manja mwa maofesala, ndipo sindikhulupirira kuti ankayenda okha. Anali ndi mfundo zoona, koma analinso ndi njala ya mpando. Mu Febuluwale 1920 anachotsedwa ntchito n'kupita ku Constantinople, komwe lero ndi Istanbul. Mu Epulo, Denikin atatula pansi udindo, akuluakulu ankhondo anamuitana, ndipo anabwerera ku Sevastopol pa chombo chankhondo cha Britain, m'thumba muli uthenga wa boma la Britain woti thandizo latha, akambirane ndi a Bolshevik.

Tikuyandikira Gelibolu. Patsogolo pakuoneka nsanamira zofiira ndi zoyera za mlatho watsopano wa 1915 Çanakkale, womwe anautsegula m'chaka cha 2022.

Lachinayi, Gelibolu

Alendo ambiri amadutsa tawuni ino osaima. Amapitirira kum'mwera, ku Eceabat, kukaona manda a asilikali a Australia, New Zealand, Britain ndi Turkey a nkhondo ya 1915. Mwini nyumba yomwe ndagona atamva kuti ndikufuna chipilala cha a Russia anaseka, n'kundijambulira njira papepala. Usiku ndinadya nsomba zazing'ono zowotcha padoko, zomwe tawuni ino imanyadira.

Chipilalacho chili kunja pang'ono kwa tawuni, mkati mwa mpanda. Ndi mulu wa miyala wosongoka pamwamba, pansonga pali mtanda. Bambo woyang'anira malowo ananditsegulira kanyumba kosungiramo zithunzi. Chomwe chilipo lero anachimanganso m'chaka cha 2008. Choyambirira chinamangidwa m'chaka cha 1921, chinawonongeka ndi chivomezi m'chaka cha 1949, ndipo kamangidwe kake ndi kamene kanandibweretsa: mkulu wa msasa, Alexander Kutepov, analamula kuti munthu aliyense, kuyambira jenerale mpaka mwana wa sukulu, anyamule mwala umodzi n'kubwera nawo. Ndalama za simenti n'zomwe zinali zosowa, manja analipo ambiri. Anthu oposa 300 anafera pano, ambiri ndi matenda ndi mabala a ku Crimea.

A France atagawa khamu lija, ma Cossack a ku Don anawatumiza ku Çatalca, a ku Kuban ku chilumba cha Lemnos, zombo zankhondo ku Bizerte m'dziko la Tunisia, ndipo asilikali pafupifupi 25,000 anawatsitsa pano kumapeto kwa Novembala 1920. Tawuni inali mabwinja, yogumuka ndi chivomezi cha 1912 komanso mabomba a 1915. Msasa weniweni unali m'chigwa makilomita angapo kuchoka pano, matenti m'matope, mphepo ya m'nyanja ikuwomba usiku wonse. Mphepoyo ndaimva ndekha lero, ndipo ino si nyengo yozizira kwenikweni. Olondera tawuni m'dzina la France anali asilikali a ku Senegal, ndipo m'zithunzi za nthawiyo nkhope zakuda zimaonekamo apa ndi apo.

Cholinga cha France chinali choti anthuwa asiye kukhala asilikali, akhale othawa kwawo wamba, amwazike. Ankachepetsa chakudya, ankalengeza za ntchito ku Brazil, ankalemba anthu m'gulu lawo la asilikali achilendo, ankapereka zombo kwa ofuna kubwerera ku Russia. Wrangel anakana kuti gulu lake lithe. Anayendera msasa uno mu Disembala 1920 ndi mu Febuluwale 1921, kenako a France anamuletsa kubweranso. Kutepov ndiye anagwira chikwapu. Perete tsiku ndi tsiku, kundende chifukwa cha batani losamanga, sukulu za maofesala, kwaya, zisudzo, mpira. Gulu la akavalo linalipo lonse, ndi maina a magulu akale a mfumu, koma akavalo anatsala ku Crimea. Anthu ophunzitsidwa moyo wonse kumenya nkhondo ali pa chishalo ankaguba wapansi m'fumbi.

Kodi kunali kuwakomera mtima kapena kuwanamiza? Ndakhala ndikudzifunsa tsiku lonse. Mwambo uja unapulumutsa ambiri ku uchidakwa ndi kudzipha, zimenezo n'zoonekeratu mukayerekeza ndi omwe ankagona m'misewu ya Constantinople. Koma unawasungiranso chikhulupiriro choti chaka chamawa abwerera kwawo ndi mfuti, ndipo ena anafa ndi ukalamba masutikesi ali omangamanga. M'chaka cha 1921 ambiri anasamukira ku Bulgaria ndi ku Serbia. Gulu la akavalo lija linakalembedwa ntchito yolondera malire a ufumu wa Aserbia, Akroati ndi Asiloveniya. Omaliza anachoka pano mu Meyi 1923.

Lachisanu, pabwalo la ndege ku Istanbul

Ndege yachedwa, choncho ndilembeko za miyezi yomwe analamulira Crimea, kuyambira Epulo mpaka Novembala 1920.

Anadziwa kuti Oyera anagonja chifukwa alimi ankawaona ngati obwera kudzabwezera minda kwa eni ake akale. Anaitana Alexander Krivoshein, yemwe anali nduna ya zaulimi nthawi ya mfumu, kuti atsogolere boma, ndipo Pyotr Struve, yemwe paunyamata wake anali wotsatira Marx, anamupatsa zakunja. Anatulutsa lamulo la malo: minda ikuluikulu igawidwe kwa oilima, ikhale yawoyawo, koma alipire gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola kwa zaka 25. Kwa baron, limeneli linali phazi lalitali. Kwa mlimi linali nthabwala, popeza mindayo anali atailanda kale m'chaka cha 1917 osalipira kanthu. Wa ku Thyolo kapena ku Mulanje safunika kumufotokozera mmene munthu amamvera akauzidwa kuti agule nthaka yomwe makolo ake anakhetserapo thukuta. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Alimi anamvetsera, anagwedeza mitu, ndipo ana awo sanawatumize ku gulu la Wrangel.

Pankhondo anachita zomwe akanatha. Mu Juni anatuluka m'Crimea n'kulanda zigwa za tirigu za kumpoto kwake, anaphwanya gulu la akavalo Ofiira la Dmitry Zhloba pogwiritsa ntchito ndege ndi mfuti zachiwaya, ndipo mu Ogasiti France inavomereza boma lake. Koma ankapuma chifukwa Ofiira anali otanganidwa ndi Poland. Nkhondo ya Poland itaima mu Okutobala, mkulu wa asilikali Ofiira, Mikhail Frunze, anatembenuzira mphamvu zonse kum'mwera. Usiku wa pa 7 Novembala asilikali ake anawoloka madambo amchere a Sivash wapansi, n'kuzungulira malinga a Perekop otchinga khomo la Crimea. M'chilengezo chake chomaliza, boma la Wrangel linauza anthu poyera kuti palibe dziko lomwe lavomera kuwalandira ndipo ndalama zowathandizira palibe, aliyense asankhe yekha. Maofesala ambiri anatsala, podalira lonjezo la chikhululuko. Anauzidwa kuti akalembetse maina, ndipo pansi pa akuluakulu a Bolshevik, Béla Kun ndi Rozalia Zemlyachka, anawomberedwa masauzandemasauzande.

Loweruka, Belgrade

Tchalitchi cha Utatu Woyera cha a Russia chili m'paki ya Tašmajdan, kuseri kwa tchalitchi chachikulu cha St Mark, ndipo n'chaching'ono moti ndinachidutsa kaye osachiona. Othawa kwawo anachimanga m'chaka cha 1924. Manda a Wrangel ali mkati, ndi mwala wosalira zambiri wolembedwa dzina lake. Anamwalirira ku Brussels pa 25 Epulo 1928, ali ndi zaka 49, atangokhalako miyezi yochepa akugwira ntchito ya uinjiniya. Madokotala anati ndi chifuwa chachikulu. A m'banja lake ankakhulupirira kuti anapatsidwa poizoni ndi mlendo wina amene anagona m'nyumba mwawo, m'bale wake wa wantchito wawo, chifukwa matendawo anamugwira mwadzidzidzi munthu ali wamphamvu. Mtembo unabwera kuno mu Okutobala 1929, monga iye anafunira, kuti agone m'dziko la chipembedzo cha Orthodox pakati pa asilikali ake.

Pafupi penipeni pali nyumba ya wailesi yakanema ya boma, yomwe ndege za NATO zinaphulitsa pa 23 Epulo 1999 n'kupha antchito 16. Tchalitchichi chinawonongeka nawo ndipo anachita kuchikonzanso. Mbali ina ya nyumba yophulitsidwayo anaisiya dala momwemo.

Mayi wogulitsa makandulo, yemwe amayankhula Chingerezi pang'ono, anandiuza kuti masiku ano tchalitchi chimadzaza ndi a Russia atsopano, achinyamata ogwira ntchito za makompyuta omwe anabwera kuyambira 2022. Ndinawafunsa ngati amaima pa mandawo. Anati ena amaima, ena sadziwa n'komwe kuti ndi ndani.

Mafupa a Denikin anawanyamula ku America n'kukawaika ku Moscow, ku nyumba ya amonke ya Donskoy, m'chaka cha 2005. Pempho lofananalo litafika kwa adzukulu a Wrangel, iwo anakana.

Masana ndinayenda pa msewu wa Kneza Miloša kuona nyumba za boma zomwe anazikonza Nikolai Krasnov, yemwe kale anamangira mfumu Nicholas nyumba yachifumu ya Livadia ku Yalta. Mfumu Alexander ya kuno inaphunzira ku St Petersburg ili mnyamata, ndipo inalandira anthuwa ndi manja awiri. Dziko linali litataya amuna ophunzira ambiri pankhondo, choncho mainjiniya, madokotala ndi maprofesa a ku Russia anapeza ntchito mwamsanga. Amene anavutika ndi aja odziwa kavalo ndi lupanga basi.

Lamulungu, Sremski Karlovci

Ka tawuni kakang'ono m'mbali mwa Danube, kufupi ndi Novi Sad, kozunguliridwa ndi minda ya mphesa. Pabwalo lapakati pali tchalitchi cha St Nicholas cha nsanja ziwiri, nyumba ya mkulu wa mpingo wa Serbia, kasupe wa mikango inayi, ndi sukulu ya sekondale yoyambira m'chaka cha 1791. Paphiri pali kachisi wokumbukira pangano la mtendere la 1699 pakati pa Aturuki ndi adani awo. Zonsezi munthu amazimaliza asanamve njala.

Wrangel anakhala kuno kuyambira 1922 mpaka 1927, pamodzi ndi likulu la gulu lankhondo lomwe asilikali ake anali akuphwanya miyala ya misewu m'mapiri a Serbia ndi kukumba malasha ku Pernik m'dziko la Bulgaria. Mabishopu a Russia othawa kwawo, motsogozedwa ndi Anthony Khrapovitsky, analinso m'tawuni yomweyi, ndipo ambiri mwa iwo ankafuna kuti alengeze poyera kuti akumenyera kubwezeretsa banja lachifumu la Romanov. Iye mumtima anali wa mfumu, koma anakaniza asilikali ake kulowa zipani, ponena kuti za ulamuliro adzasankha ndi anthu a ku Russia. Pa 1 Sepitembala 1924 anakhazikitsa bungwe lotchedwa ROVS, lolumikiza asilikali akale kulikonse komwe anamwazikira: woyendetsa takisi ku Paris, wogwira ntchito m'fakitale ya magalimoto, wolondera malire ku Macedonia, aliyense akhalebe m'kaundula wa gulu lake ndi kupereka kangachepe kothandizira odwala ndi olumala. Boma la Soviet silinalitenge mopepuka bungweli. Kutepov, yemwe analitsogolera pambuyo pake, anabedwa pamsewu ku Paris m'chaka cha 1930 ndipo sanaonekenso. Wolowa m'malo mwake, Yevgeny Miller, anabedwanso mumzinda womwewo m'chaka cha 1937.

Chifanizo chake chamkuwa, mutu ndi mapewa, anachiika kuno m'chaka cha 2007. Ndinafunsa anthu awiri asanandilozere. Wachitatu, bambo wogulitsa vinyo wotsekemera wa kuno wotchedwa bermet, anatuluka m'sitolo mwake n'kundiperekeza, akufotokoza m'njira kuti agogo ake ankawakumbukira a Russia aja ngati anthu aulemu kwambiri koma osalipira ngongole msanga.

Nkhani ina yomwe sindinaipezere malo m'masiku apitawa ndi ya mayi ake, Maria. Nthawi yonse yomwe mwana wawo ankamenyana ndi a Bolshevik, iwo anali ku Petrograd (dzina la St Petersburg nthawi imeneyo), akugwira ntchito m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya boma la Soviet, ndi dzina lawo lenileni la Wrangel, pomwe makoma a mzindawo anali odzaza ndi zithunzi zonyoza Baron Wakuda. Ankaima pamzere wa mkate ngati wina aliyense. Chakumapeto kwa 1920 anthu ena anawazembetsa usiku pa bwato kuwolokera ku Finland, milungu yochepa Crimea isanagwe, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 1944, zaka 16 ataika mwana wawo.

Bermet ndagula botolo limodzi. Sitima yobwerera ku Belgrade inyamuka madzulo ano, ndipo mawa ndi ulendo wa kunyumba.